Wailesi ya Apongozi ndi Uinjiniya Wanga

Zamagetsi sindinaphunzire kusukulu iliyonse. Ntchito yanga ndi ya muofesi, yowerengera ndalama za eni ake. Koma pakhomo panga ndimatchuka kuti ndine munthu wa sikuludiraiva, ndipo mbiriyi inayamba tsiku limene ndinasintha fyuzi m'pulagi ya ayironi, ayironi n'kutenthadi. Ana anaomba m'manja. Mayi a ana anakauza anzawo kumvano. Ine pakamwa ndinkati n'zazing'ono izi, koma mumtima ndinali nditadzilembera kale satifiketi.

Choncho namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kuyamba kuthima maola ambirimbiri, ine ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Tinakongola ndalama kubanki m'khonde. Ndinakagula mapanelo a sola, batire, kabokosi koyendetsa katchajidwe ka batirelo, ndi inveta, chipangizo chimene chimatenga mavoti 12 a batire n'kuwasandutsa mavoti 230 onga a m'soketi. Ndinatenganso katoni yathunthu ya mababu a LED otchipa, ena a m'nyumba, ena oti ndizigulitsa kuti ngongole ibwezedwe msanga. Wogulitsayo anafunsa ngati ndili naye munthu wokandiikira. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, iye n'kupepesa.

Ndinaika ndekha, ndipo panali zinthu ziwiri zimene ndinkanyadira koposa. Inveta ndinaikhomera pakhoma la m'kolido, pakatikati pa nyumba, kuti wakuba aifikire atadutsa kaye pakhomo la chipinda changa. Koma nzeru zenizeni zinali pa mawaya. Wofiira wochokera kumapanelo ndinamuyendetsa mbali ina ya denga, wakuda mbali inanso, motalikirana ndithu, kuti asadzakhudzane n'kutentha nyumba. Kuchokera pabatire kupita ku inveta ndinachitanso chimodzimodzi. Alendo akabwera ndinkawalowetsa m'kolido kuti aone, ena asanakhale n'komwe pampando.

Vuto linaonekera ndi kubwera kwa apongozi. Bambo a mayi a ana, mphunzitsi wopuma, anachokera ku Ntcheu kudzakhala nafe kuti azionana ndi adokotala za miyendo yawo. Katundu wawo anali kachikwama ka zovala, Baibulo, ndi wailesi yakale ya mabatire a tochi, ya eriyo yokoka, yokhala ndi FM, MW ndi SW. FM amaitsegula pa nkhani za muno ndi mauthenga a maliro basi. Mtima wawo uli pa SW, kumene madzulo amasakako nkhani zakunja, ndi pa MW, kumene usiku kumamveka mawailesi a maiko oyandikana nafe amene masana simungawapeze. Tinawagoneka kuchipinda cha alendo. Mutu wa bedi lawo unali kuseri kwa khoma lomwe lija la inveta, koma zimenezo m'mutu mwanga simunali.

Mpongozi sadandaula kwa mkamwini pamaso. Uthenga unadzera kwa mwana wawo.

"Bambo a ana, bambo akuti wailesi yawo ikulira zachilendo. Takawaonereni."

Ndinalowa, sikuludiraiva ili m'thumba la shati. Pa FM mawu anali mbee. Kusinthira ku MW, panangomveka dzzzz kuyambira koyamba kwa singano mpaka komaliza, ndipo singano ikasuntha pang'ono phokosolo linkakwera n'kukhala tsiii wolasa m'makutu, kutsika, kenako kukweranso. Pa SW chimodzimodzi. Ndinagwedeza mutu mwaukatswiri n'kuwauza kuti wailesi yakalamba, mbali ya FM yokha ndi imene yatsala ndi moyo. Iwo anangoti, "Chabwino akamwini," n'kumaipukuta ndi mpango. Malipiro atabwera ndinawagulira yatsopano. Yatsopanoyo inalira mokweza kuposa yakale ija.

Kumveka bwino kwa FM sikunali umboni wa chilichonse. FM adaipangira dala kuti izigonjetsa phokoso, ndipo Edwin Armstrong wa ku America adaionetsa kwa akatswiri anzake mu 1935 ndi cholinga chimenecho. Pa MW ndi SW mawu amanyamulidwa m'kukula ndi kuchepa kwa funde, ndiye kanthu kalikonse kothetheka kapena kodula magetsi kakawonjezerapo mphamvu yake, wailesi imayesa ndi mawu. Pa FM mawu ali m'kufulumira ndi kuchedwa kwa funde, ndipo zowonjezera pamwamba wailesi imazimeta n'kutaya. Komanso FM ili kumwamba kutali, pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, pamene MW ili pansi, kuyambira 531 mpaka 1602 kHz, kumene zinyalala za magetsi zimachuluka. Wailesi ya apongozi inali yabwinobwino, inkangoulula za m'nyumba mwanga.

Poti mawailesi awiri sangakalambe tsiku limodzi, wolakwa anayenera kukhala wina, ndipo sindinavutike kumupeza. Kuseri kwa mpanda wathu kuli mkulu wina wowotcherera zitsulo, wopanga mafulemu a zitseko, mageti ndi mbaula. Ndinali nditawerengapo kuti kuthetheka kwa magetsi kumatulutsa mafunde a wailesi, ndipo zimenezo n'zoona: Heinrich Hertz adatsimikizira kuti mafundewa alipo pogwiritsa ntchito kuthetheka kotere mu 1887, ndipo makina oyambirira otumizira mauthenga popanda waya ankayendera komweko. Munthu wa mtundu wanga akagwira kachoonadi kamodzi savutanso n'kufunsa. Loweruka m'mawa ndinavala shati yaukhondo n'kuzungulira mpanda, dzina la MACRA, bungwe loyang'anira mafunde a mawailesi, lili kale kunsonga kwa lilime kuti ndimuopseze nalo.

"Achimwene, makina anuwa akutisokonezera wailesi. Akuluakulu akulephera kumva nkhani."

Anakankhira chigalasi chake chakuda pamphumi. "Pepani bwana. Ikumasokonekera nthawi yanji?"

"Madzulo. Makamaka magetsi akathima."

Anandiyang'ana, anayang'ana makina ake, kenako anatsatira ndi maso chingwe chake mpaka pasoketi. Anyamata ake anasiya kupala zitsulo.

"Nanga bwana, magetsi akathima ine ndimawotcherera ndi chiyani?"

Sindikumbukira bwino momwe ndinachokera pamenepo. Ndikukumbukira kuti madzulo ake ndinatuma mwana kukawapatsa mababu angapo a m'katoni muja ngati chopepesera, poti kupepesa pakamwa kunandikanika.

M'dera lathu lonse nyumba yowala magetsi akathima inali yanga yokha, ndiye phokoso linali langa. Inveta siisandutsa magetsi mwakachetechete. M'kati mwake muli timaswichi ta transistor timene timadula ndi kulumikiza mphamvu ya batire maulendo 20,000 kapena kuposa pa sekondi imodzi, kuti kathiransifoma kakang'ono kathe kuikweza. Kudulako kumachitika mwadzidzidzi, ndipo magetsi akadulidwa mwadzidzidzi satulutsa funde limodzi lokha. Amatulutsa loyamba lija, kenako ena ochulukitsa pamenepo, kukwera mpaka mamiliyoni pa sekondi, m'dera lenilenilo la MW ndi SW. Kudula kukakhala kwachangu kwambiri, mafundewo amakweranso kwambiri. Tsiii uja wobwerezabwereza motalikirana mofanana pa singano anali amenewa. Ndipo si inveta yokha. Tchaja ya foni, ya laputopu, mababu ambiri a LED, kanema wa masiku ano, zonsezi zimagwira ntchito modula magetsi chotere, ndipo n'chifukwa chake zili zazing'ono, zopepuka ndi zosadya magetsi ambiri. Nyumba ya lero ili ndi timasiteshoni ta wailesi m'soketi iliyonse.

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi n'kuganiza. Ine ndinathamangira tizipangizo, chifukwa tizipangizo n'timene timaoneka ngati uinjiniya. Kusuntha chinthu kuchoka pano kupita apo ngakhale mwana angathe, koma kubwera kuchokera m'tauni ndi kajumbo ka tinthu takuda ta dzina lovuta kutchula, amenewo ndiye maphunziro.

Ndinayamba ndi Michael Faraday, amene mu 1836 adakuta chipinda ndi chitsulo chopyapyala n'kusonyeza kuti mphamvu ya magetsi ya kunja singalowemo. Ndinatenga foyilo ya mayi a ana yokutira nkhuku pootcha, n'kukuta inveta yonse, ndi tibowo topumira tomwe. Phokoso silinasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chinasintha n'chakuti inveta inatentha, inalira alamu, n'kudzizimitsa mwana wathu wa Fomu 4 akuwerengera mayeso.

Kenako ndinatulukira ferrite. Ngati muli ndi chingwe cha laputopu kapena cha pulinta, mwina munaonapo kamfundo kolimba pafupi ndi kumapeto kwake. M'kati mwa kamfundoko muli kamphete ka ferrite, chinthu chouma chophwanyika chosakaniza dzimbiri la chitsulo ndi zitsulo zina, chimene Yogoro Kato ndi Takeshi Takei adapanga ku Tokyo mu 1930. Magetsi wamba amadutsa osaimitsidwa, koma mafunde othamanga kwambiri amatsekerezedwa, ena n'kusanduka kutentha pang'ono. Ndinagula timphete totsekula ndi kutseka todzaza manja awiri, n'kutipana paliponse pamene panali waya: pa kanema, pa firiji, ngakhale pa ayironi. Wailesi ya apongozi yokha ndi imene inapulumuka, poti ilibe chingwe. Palibe chinasintha. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ferrite ili mitundumitundu, ndipo timene timagulitsidwira zingwe za kompyuta timagwira bwino pa mafunde a ma MHz makumi angapo kupita m'mwamba. Ku MW timangokhala zokongoletsera.

Chachitatu ndimachitchula mwamanyazi chifukwa chikanapweteka munthu. Ndinawerenga kuti kapasita amameza phokoso. Ndinachotsa mmodzi m'wailesi yakufa, wa mavoti 25, wokhala ndi mwendo wa pulasi ndi wa mainasi, n'kumulumikiza potulukira mavoti 230 a inveta. Kuyatsa swichi, phuu! M'kolido munadzaza tiulusi toyera ndi fungo limene linakhalamo mpaka tsiku lotsatira. Makapasita oika pa magetsi a m'nyumba ndi apadera. Amene amakhala pakati pa layivi ndi nyutilo amatchedwa X, ndipo amapangidwa kuti apirire kulumpha kwa magetsi osagwira moto. Amene amakhala pakati pa magetsi ndi ethi amatchedwa Y, ndipo amapangidwa kuti akafa afe moduka, asafe molumikiza, chifukwa akalumikiza chitsulo chimene mwana amagwira chimakhala ndi magetsi. Ine ndinkaona ngati kapasita ndi kapasita basi.

Nthawi yonseyi apongozi anali atayamba chizolowezi chatsopano. Dzuwa likapendeka ankanyamula mpando ndi wailesi yawo yakale, pang'onopang'ono ndi miyendo yovutayo, kupita kumapeto kwa bwalo pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi khola la nkhuku. Ankakhala konko mpaka udzudzu utawathamangitsa. Ine zinandikhudza. Ndinauza mayi a ana kuti ndikuona ngati bambo andikwiyira, mwina chifukwa chonyoza wailesi yawo.

"Akukwiyireni chifukwa chiyani? Akuti uko ikumveka bwino. Anazindikira kalekale, koma akuuzeni bwanji inu muli ndi sikuludiraiva m'thumba? Safunsa anadya phula, bambo a ana."

Madzulo amenewo ndinapita kumango, ndinakhala pansi chapatali monga mwa mwambo, n'kupempha wailesi. Anandipatsa ndi manja awiri. "Ikani singano pamene palibe siteshoni, akamwini, muziyenda nayo. Imalankhula yokha."

Ndinayenda nayo kulowera kunyumba. Pamango panali kaphokoso kofewa ka mlengalenga. Pofika pachingwe choyanikira zovala dzzzz anayamba. Pakhonde anakula. Nditaitembenuza wailesi chammbali phokoso linatsika, nditaibweza linakweranso, chifukwa eriyo ya MW si yokoka ija, ndi kandodo ka ferrite kokulungidwa waya kamene kamagona m'kati mwa wailesi, ndipo kamamva bwino mbali zina kuposa zina. M'kolido inakuwa. Nditaikweza kusiling'i inakuwabe, ndipo ndinatha kutsatira waya wanga wofiira uja chipinda ndi chipinda osamuona. Kenako ndinaima pabalaza, mwana wa Fomu 4 uja akuzimitsa zinthu chimodzichimodzi n'kumafuula dzina lake. Atazimitsa inveta, phokoso lalikulu linatha. Tsiku lina magetsi alipo tinabwereza, n'kupeza ena awiri ang'onoang'ono: tchaja ya foni yanga ndi mababu a m'katoni muja.

Anthu a ntchitoyi amati vuto lililonse lotere lili ndi mbali zitatu: chotulutsa phokoso, njira imene phokoso likudzera, ndi cholandira. Zili ngati utsi wa mbaula ukamanunkhitsa zovala zoyanika. Mungathe kusintha makala, mungathe kusuntha mbaula kapena kutseka podzera utsi, mungathenso kukayanika kwina. Mukachotsa chimodzi mwa zitatuzi nkhani yatha. Njirazo zilipo ziwiri zikuluzikulu: phokoso limayenda m'mawaya, kapena limauluka m'mlengalenga. Bungwe la CISPR, limene lidayamba mu 1934 chifukwa cha madandaulo omwewa a omvera wailesi, limaika malamulo oyezera zonse ziwiri. Pa zipangizo zambiri loyenda m'mawaya amaliyeza kuyambira 150 kHz mpaka 30 MHz, louluka kuyambira 30 MHz kupita m'mwamba. Ndipo pokonza amayambira pa chinthu chonse n'kumatsika: malo oika zipangizo, kenako mawaya, kenako bokosi, pomaliza tizipangizo ta m'kati. Kumwambako mankhwala ake ndi otchipa ndipo amachotsa phokoso lambiri. Kunsiko ndi odula ndipo amangomaliza zotsala. Ine ndinayambira kunsi kwenikweni, kumene ngakhale ndikanachita molondola sizikanathandiza.

Ndinameza malovu n'kuitana wamagetsi wa ziphaso zake. Anali mnyamata wa msinkhu wa mng'ono wanga wotsiriza, ndipo anali ndi ulemu wopweteka. Ataona m'kolido anangoti, "Anakuikirani ndani, bwana?" Ndinati munthu wina wake, anasamuka.

Choyamba anasuntha inveta ndi batire kupita kukachipinda kosungira katundu, kumapeto kwa nyumba, kutali ndi zipinda zogona. Mtunda ndi mankhwala amphamvu kuposa momwe timaganizira. Pafupi ndi kachipangizo kakang'ono, mphamvu ya maginito imatsika mofulumira moti mukawirikiza mtunda kawiri imatha kutsala gawo limodzi mwa magawo 8. Mutu wa apongozi ndi inveta zinkalekanitsidwa ndi njerwa imodzi, ndipo njerwa siitchinga maginito.

Atakwera kudenga anakhalako nthawi yaitali ali zii. Potsika anafunsa mofatsa ngati munthu wosamukayo anali ndi chifukwa chosiyanitsira mawaya. Ndinati mwina ankaopa moto. Anati moto umatchingidwa ndi fyuzi ndiponso chikopa cha waya, ndipo fyuzi pabatire panalibe. Magetsi amapita ndi waya wina n'kubwerera ndi mnzake, ndiye mawaya awiriwo amapanga mkombero. Mkombero ukakula, maginito amene umamwaza amakulanso. Wanga unali waukulu ngati denga lonse. Mwa kuyankhula kwina, ndinamanga eriyo yotumizira phokoso yabwino kwambiri, n'kugonekamo apongozi pakati. Mawaya awiriwo akayandikana, maginito a wina amafafaniza a mnzake, chifukwa magetsi akuyenda mosemphana. Akapotanitsidwa zimaposa pamenepo. Nzeruyi ndi yakalekale, Alexander Graham Bell adailembetsa mu 1881 pa mawaya a telefoni, ndipo mukasenda chingwe cha intaneti cha muofesi mupeza mawaya opotana awiriawiri pa chifukwa chomwechi. Mnyamatayo anabweza wofiira ndi wakuda pamodzi, anawamanga motsatana, anafupikitsa a pabatire mpaka kutsala osakwana mkono, n'kuika fyuzi. Waya wotsala anakwana mtolo.

Za ethi ndingonena mwachidule, poti n'zochititsa manyazi mofanana. Wanga anali waya wowonda, wautali, womangirira ku kachitsulo kakafupi m'maluwa, ndipo wotsala ndinamukulunga bwinobwino n'kumupachika pamsomali poumira kumufupikitsa. Kwa mafunde othamanga waya wautali wokulunga ndi koyilo, amatsekereza m'malo modutsitsa. Mnyamatayo anakhoma ndodo yeniyeni ya ethi, anaika waya wonenepa wamfupi, n'kulumikizako bokosi la inveta ndi mafulemu a mapanelo. Anandikumbutsanso kuti ntchito yoyamba ya ethi ndi kuteteza moyo, za phokoso zimabwera pambuyo, ndipo munthu asadzachotse ethi pofuna kuti wailesi kapena sipika zisiye kulira.

Pamenepa dzzzz anali atatsika kwambiri tisanagule kalikonse kupatula fyuzi ndi ndodo. Ndiye tinafika pa bokosi. Faraday sadaname, koma bokosi lachitsulo limatchinga pokhapokha zidutswa zake zikukhudzana chitsulo kwa chitsulo. Chivundikiro cha inveta yanga chinali chopakidwa penti mpaka pansi pa masikulu, ndiye m'mbali monse munali mng'alu wautali umene maso saona. Kwa mafunde, mng'alu wautali ndi woipa kuposa tibowo tambirimbiri tating'ono. Taonani chitseko cha microwave. Mafunde ake ndi a 2,450 MHz, kutalika kwake pafupifupi masentimita 12, ndipo tibowo ta pagalasi ndi ta milimita imodzi kapena iwiri. Kuwala kumadutsa, inu n'kumaona chakudya, koma mafundewo sakwanapo. Tibowo topumira ta inveta, timene ine ndinatseka ndi foyilo, sitinali ndi mlandu. Mnyamatayo anapala penti pansi pa masikulu n'kumanganso. Koma anati ngakhale bokosi litakhala labwino chotani, waya aliyense wotulukamo ndi khomo lotseguka, ndipo n'chifukwa chake foyilo yanga sinaphule kanthu. Apa m'pamene ferrite inalowera, pamalo pake: mphete yaikulu ya mtundu wogwira mafunde apansi, mawaya onse awiri kudutsamo limodzi, pakamwa penipeni pa inveta, kuzunguliza kangapo. Kuzunguliza kawiri kumatsekereza pafupifupi kanayi kuposa kamodzi. Zonse pamodzi ndi malipiro ake zinachepa poyerekeza ndi ndalama imene ndinali nditataya pa wailesi yatsopano, foyilo ndi timphete tija.

Tchaja ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika. Anaiphwanya ndi mpeni n'kundiyandikizira kabolodi kake pansi pa galasi lokulitsa. Pa kabolodipo panali malemba oyera osonyeza malo a chipangizo chilichonse. Pamene panalembedwa CX1 panali tibowo tiwiri topanda kanthu. Pa CY1 chimodzimodzi. Pamene panalembedwa L1, malo a koyilo yosefa phokoso, panali kawaya kolumphitsa. Amene adajambula kabolodiko ankadziwa ntchito yake ndipo malo a sefa adawasiya, koma popanga wina adaona kuti tchaja imatchajabe popanda tinthuto, ndipo wogula sangadziwe. Kenako mkuluyo anatulutsa m'dirowa tchaja ina yakufa, yolemererapo m'manja. M'kati mwake munali koyilo ya mawaya awiri pa mphete imodzi, kapasita wachikasu wa makona anayi, ndi wina wabuluu wonga kambewu ka nyemba zouma. Zonse ziwiri zinali ndi chidindo cha CE kunja. Ku Ulaya, kuyambira mu 1996, chipangizo cha magetsi chimayenera kukwaniritsa malamulo a phokosoli chisanagulitsidwe, koma pa katundu wambiri wopanga ndi amene amadzilembera yekha umboni woti wakwaniritsa, ndipo kudinda zilembo ziwiri pa pulasitiki sikufuna labotale.

Kupitirira apo ndi kwa opanga. Iwo amaika kakapasita ka 100 nF pafupi penipeni ndi mwendo wa chip, amachepetsa timikombero ta pa bolodi monga momwe ife tinachepetsera wa padenga, ndipo nthawi zina amachedwetsa dala timaswichi tija pang'ono, kulolera kuti titenthepo kusiyana n'kuti tizimwaza phokoso. Wogula safikako. Chimene angathe ndi kutenga wailesi ya MW popita kusitolo, kupempha kuti ayatse chinthucho, n'kuiyandikizapo. Ogulitsa amakuyang'anani mwachilendo, koma ine ndazolowera.

Ndimadzitonthoza ndi nkhani za anzanga a kunja. Ku Aberhosan, mudzi wina wa ku Wales, intaneti ya mudzi wonse inkasokonekera m'mawa uliwonse 7 koloko kwa miyezi 18. Akatswiri a kampani ya Openreach adafika posintha mawaya m'mudzimo, osaphula kanthu. Mu 2020 adayenda ndi chipangizo choyezera mafunde n'kupeza kuti munthu wina ankayatsa kanema wake wakale pa ola limenelo. Akuti mwini wake adachita manyazi kwambiri, adalonjeza kuti sadzamuyatsanso, ndipo dzina lake adalibisa. Ku Parkes, ku Australia, akatswiri a zakuthambo okhala ndi mbale yolandirira mafunde ya mamita 64 ankaona tizizindikiro todabwitsa kuyambira mu 1998. Mu 2015 adapeza kuti tinkachokera mu microwave ya pantchito pawo pomwe, anthu akatsegula chitseko isanamalize. Amenewo ndi anthu a madigiri enieni. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe mwa iwo amene adavala shati yaukhondo kukakalipira mnansi.

Apongozi anabwerera kuchipinda kwawo, ndipo SW ikumveka bedi lili pomwe linali. Mababu a m'katoni ndinawachotsa m'nyumba monse n'kugula ena amene ndinawayeza ndi wailesi. Ndinkayesa nkhani yathera pamenepo, mpaka madzulo ena kunamveka "odi" pageti. Anali mkulu wowotcherera uja, atanyamula kawailesi kake.

"Bwana, paja inu mumadziwa za mawailesi. Kanga aka kamamveka bwinobwino, koma ndikangoyatsa babu la pakhonde mpira umasowa, pamangomveka fwaaa. Ndipo ndi FM."

Zimatheka. Funde la 100 MHz ndi lotalika mamita 3, ndipo waya wa masentimita 75 okha amakwana kukhala eriyo yake yabwino, ndiye babu lopanda sefa likakhala pa waya wotere limatha kuphimba siteshoni ya FM yofooka. Zonsezi ndinkazidziwa tsopano, ndipo ndinkadziwanso kumene babulo linachokera. Ndinamuuza kuti mababu aja kampani yawaitanitsa chifukwa cha vuto la mtundu wa kuwala, ndibwera nawo ena mawa. Anathokoza kwambiri, n'kunditchuliranso mayina a anthu ena a mumzere wathu amene anagula kwa ine, kuti nawonso ndisawaiwale.

Ndinawasinthira onse ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ngongole ya kubanki m'khonde isanathe. Katoni ya obwezedwawo ili pamwamba pa wadiropu. Ndinapereka ganizo loti tikapereke kutchalitchi ngati mphatso ya banja, koma mayi a ana anandikumbutsa kuti kumeneko kuli maikolofoni opanda waya, ndipo abusa amadziwa pamene timakhala.